Sikelo ya masabata 6: akatemera onsewa tsiku limodzi, kamwana kangapirire?

Amake Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso chonde musatope nane, ndi mwana wanga woyamba. Tadala akukwanitsa masabata 6 Lachinayi likudzali nde tikuyenera kupita kusikelo, koma mnzanga wandiuza kuti tsiku limenelo amabaya ntchafu zonse ziwiri kenako nkumudonthezera mkamwa kawiri, zonse nthawi imodzi. Apongozi atamva akanitsitsa, akuti kamwana kangotuluka kumene mchikuta magazi ake ndi ochepa sikangapirire mankhwala anayi tsiku limodzi, ndikapemphe abaye mmodzi yekha enawo tizikatenga pang'onopang'ono. Ine mutu waima. Zimatheka kodi kugawa chonchi?

Nabanda wa ku Mkanda: Apongozi anuwo ine ndikuwamvetsa asisi. Wanga wachiwiri atabayidwa usiku wake kunalibe kugona, thupi moto, ntchafu inatupa nkulimba moti ukangomukhudza pomusintha thewera kulira kwake mpaka oyandikana nafe anadzuka. Mumtima ndinkati bola akanabaya mbali imodzi kaye

Amake Mapasa: Nanga ife a mapasa tinene chani, ntchafu zinayi tsiku limodzi. Koma mawa lake madzulo onse anali akuyamwa bwinobwino

Bambo Mbewe Azaumoyo: Amake Tadala mwachita bwino kufunsa, funso limeneli sikelo iliyonse silisowa. Mnzanuyo sananame. Pa masabata 6 mwana amabayidwa Penta ntchafu ina, PCV ntchafu inayo, kenako madontho a poliyo ndi a Rota. Mu Penta yekhayo muli zisanu, chifuwa chokoka mtima, kafumbata, zilonda zapakhosi zija zimatseka mpweya, matenda otupa chiwindi, ndi kachilombo ka Hib kamene kamayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. PCV nayenso ndi wa chibayo, Rota ndi wa kutsegula mmimba. Nde mukawerenga bwino ndi matenda 8 osati 4. Kugawa ife sitilimbikitsa, chifukwa chake ndifotokoza ndikafika, ndili panjinga netiweki ikuvuta

Abambo ake Yamikani: 8?? Bambo Mbewe mwangowonjezera mantha tu. Ife akuluakulu olo akupatse LA ndi Bactrim pamodzi umachita kugona tsiku lonse thupi lili lendee, nanga mwana wa makilo 4 zinthu 8 zikalowe nthawi imodzi. Sindikutsutsa katemera ayi ana anga onse anabayitsa, koma nanenso ndimadabwa kuti kuthamangira chani

Aphunzitsi Anambewe: Achimwene ndiloleni ndilowepo poti izi ndimaphunzitsa fomu 3 ndi 4. LA ndi katemera ndi zinthu zosiyana. LA amalowa mmagazi kukapha yekha tizilombo, ndichifukwa chake amayeza ndi makilo a munthu. Katemera sapha kanthu, ndi tizidutswa ta kachilombo, kapena kachilombo kophedwa kale kapena kofooketsedwa, cholinga nchoti thupi likaone likadziwe. Penta yenseyo ndi theka la mililita, mu supuni yaing'ono ya tiyi mumalowa mamililita 5, onani kuchepa kwake.

Tsono komwe ambiri timasokonezeka ndi apa. Timaganiza kuti chitetezo cha mthupi chili ngati chigayo, matumba kudikirana pamzere, akachuluka injini nkutentha. Sizili choncho. Mwana amabadwa ali kale ndi asilikali a mthupi a mitundu mamiliyoni, ndipo aliyense amadziwa maonekedwe amodzi okha basi. Wa kafumbata sagwira za chibayo, wa chibayo sadziwa za poliyo. Nde akatemera akalowa tsiku limodzi sakulimbirana msilikali mmodzi, aliyense akudzutsa ake ake, ndipo amene adzukawo ndi kagawo kochepetsetsa pa onse alimo. Ena onse amakhala ali chire kudikira chimfine cha mawa.

Nabanda wa ku Mkanda: Madamu nanga thupi limatenthelanji ngati ndi kagawo kochepa

Anesi Naphiri: Asisi Nabanda kutentha thupi kuja ndi zoona kumachitika ndipo sitibisa. Kawirikawiri amayambitsa ndi Penta, makamaka mbali ya chifuwa chokoka mtima chifukwa mmenemo amaikamo kachilombo kathunthu kophedwa, nde thupi limakazindikira msanga nkuyamba phokoso. Zomwe zimachitika nzoti pamene pabayidwa paja magazi amathamangirapo, ndiye kutupa ndi kufiira kuja, kenako maselo ena amanyamula tizidutswa tija kupita nato mu mwanabere wa mphechepeche, mmenemo ndi mmene asilikali oyenera amakumana nato nkuyamba kuswana. Kutentha kumabwera tsiku lomwelo kapena mawa lake nkutha pa tsiku limodzi kapena awiri, pomwe chitetezo chenicheni chimatenga masabata ngati awiri kuti chikhwime. Chomwe ndikufuna mumve nchoti olo mutagawa, tsiku la Penta thupi lidzatenthabe. Mwangochulukitsa masiku olira ndi ndalama ya kabaza

Gogo Nazulu: Ana anga ine ndingoyankhula zomwe maso anga anaona. Mwana wa mng'ono wanga anadwala chifuwa chokoka mtima ali wakhanda, kalekale tisanadziwe za Penta. Amatsokomola mosalekeza osapeza mpata wopuma, milomo kuda, maso kutuzuka, akamaliza nkusanza mkaka wonse wayamwa, usiku timasinthana kumunyamula chiimire poopa kuti akagona atsamwa. Sanakwanitse miyezi itatu. Nde mukamati kamwana nkakang'ono sikangapirire jakisoni, ine ndimati nthendayo ndi imene sikangapirire. Apongozi anu Amake Tadala ndi anzanga a msinkhu umodzi, zimenezi akuzidziwa, muwafunse mwaulemu ngati sanaoneko

Amake Tadala: Iii agogo pepani. Ndawerenga thupi langa lachita tsembwe

Bambo Mbewe Azaumoyo: Ndafika tsopano. Agogo anena pamene ndimafuna kuyambira. Masabata 6 sanangowasankha mwachisawawa. Mwana akakhala mmimba, makamaka miyezi itatu yomaliza, mayi amamugawira chitetezo chake kudzera pa mchombo, ndichifukwa chake amayi oyembekezera timawabaya wa kafumbata kuti afike kwa mwana. Koma chitetezo chimenecho nchobwereka, mwana sachipanga yekha, nde mwezi ndi mwezi chimanka chikutha. Wobadwa masiku osakwana amalandira chochepa kuposa anzake. Pomwe cha mayi chikutsika tikufuna cha mwana chikhale chikukwera, ndiye 6, 10 ndi 14. Chifuwa chokoka mtima chimapha kwambiri ana osakwana miyezi itatu, nacho chibayo chimakonda makanda omwewa.

Tsono tiyese kugawa mmene apongozi akunenera. Mwezi uno Penta yekha, mwezi wamawa PCV, winawo Rota. Koma Penta amafunika katatu, PCV katatu. Mwana amene akanamaliza pa miyezi itatu ndi theka adzafika nthawi ya katemera wa chikuku asanamalize, ndipo miyezi yonseyo akupita naye kumaliro, kutchalitchi, mu minibasi ya ku Kamwendo aliyense akutsokomola. Komanso ndikuuzeni zomwe timaona mma rejista, mayi akachulukitsa maulendo ena amadumpha, dzinja likafika milatho yaduka, nthawi yokumba mtedza palibe amabwera

Abambo ake Yamikani: Apo ndamva. Koma funso langa lina, ndani anayesa kuti akaphatikizana sasokonezana? Chifukwa aliyense payekha atha kukhala bwino koma pamodzi nkukhala zina

Anesi Naphiri: Funso labwino bambo. Katemera watsopano asanalowe mu ndondomeko amamuyesa pamodzi ndi amene alipo kale, ana ena amalandira pamodzi ena padera, kenako amatenga magazi nkuyeza kuchuluka kwa chitetezo pa nthenda iliyonse. Kuno sanabwere tsiku limodzi onsewa, Penta anayamba 2002, PCV 2011, Rota 2012, wa poliyo wobaya uja wa pa masabata 14 anabwera 2018.

Ndipo ndisakunamizeni kuti palibiretu kukhudzana. Madontho a poliyo ndi a Rota onse ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa ndipo tonse timakagwira ntchito mmatumbo, nde anapeza kuti akaperekedwa limodzi Rota woyamba amagwira mocheperako pang'ono. Koma mwana salandira kamodzi, ndipo atayeza anaona kuti amatetezabe ku kutsegula mmimba koopsa kuja. Umboni wake suli kutali, kafukufuku wina wamkulu anachitikira konkuno ku Mchinji, amene mukukumbukira nthawi ya pulojekiti ya MaiMwana anthu ankayenda mmidzi kulemba ana obadwa. Anapeza kuti Rota atayamba imfa za makanda zobwera ndi kutsegula mmimba zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo anawo ankalandira Rota tsiku limodzi ndi poliyo, Penta ndi PCV ngati mmene tikuchitira leromu

Amake Mapasa: Eee ankabwera kwathu anthu amenewo ndi mafomu awo, sindinkadziwa kuti mathero ake anali amenewa

Esinati wa pa Boda: Anesi pali voisi ikuzungulira, anditumizira alamu anga ali ku Joni, mzimayi akulira akuti mwana wake anasiya kuyankhula atabayidwa akatemera ambiri pakamodzi, akuti azungu okha amagawa. Ndiitumize pano?

Adimini: Ayi asisi musatumize, mwafotokoza kale zamveka. Anesi yankhani

Anesi Naphiri: Mayi ameneyo ululu wake ndi weniweni sindingamunyoze. Koma nkhani yoti katemera amayambitsa otizimu, vuto limene mwana amavutika kuyankhula ndi kucheza ndi anzake, inayamba ndi dokotala wina wa ku Britain dzina lake Andrew Wakefield mu 1998, analemba za ana 12 okha ndipo ndi yemweyo ankauza makolo kuti katemera wa chikuku wophatikiza uja azimugawa. Zitafufuzidwa zinapezeka kuti panali chinyengo, mu 2010 magazini imene inasindikiza inachotsa nkhaniyo ndipo iye anamulanda chiphaso cha udokotala. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, zotsatira zinatuluka 2019, obayidwa ndi osabayidwa panalibe kusiyana pa otizimu. Chimene chimasokoneza nchoti zizindikiro za otizimu zimayamba kuoneka mwana ali ndi chaka kapena chaka ndi theka, nthawi yomweyo imene akulandira wa chikuku, nde kholo limalumikiza ziwirizi. Ndipo azungu sagawa ayi, ku Britain komweko makanda amabayidwa jakisoni mmodzi wa matenda 6 pamodzi ndi ena tsiku lomwelo

Gogo Nazulu: Chikuku cha 2010 mwaiwala kale? Mmudzi mwathu munalibe nyumba yopanda mwana wa maso ofiira

Bambo Mbewe Azaumoyo: Chaka chimenecho dziko lonse anadwala anthu pafupifupi 134,000 ndipo oposa 300 anamwalira agogo. Ife tinkagona mmisasa ya katemera

Nabanda wa ku Mkanda: Koma madamu Anambewe ndibwerere kwa inu. Ngati mwana ali ndi asilikali mamiliyoni bwanji amabaya chinthu chomwecho katatu? Sikuti thupi lake nlofookadi ngati mmene apongozi aja akunenera?

Aphunzitsi Anambewe: Asisi apa mwafunsa pamene pali nkhani. Apongozi ali ndi mbali yoona, chitetezo cha khanda sichinakhwime ngati cha ine ndi inu. Koma kusakhwima kwake sikoti chimalemedwa zikachuluka, nkoti chikaona chinthu kamodzi chimayankha pang'ono ndipo sichichedwa kuiwala. Ndiye mankhwala ake si kuchepetsa akatemera, ndi kubwereza. Ulendo woyamba asilikali amadzuka ochepa, ena mwa iwo amasanduka osunga chikumbukiro. Pakapita masabata 4 mukabayanso, osunga chikumbukiro aja amaswana mwachangu ndipo chitetezo chimene amapanga chimagwira kachilombo molimba kuposa poyamba. Kachitatu nde chimakhazikika. Masabata 4 apakatiwo ndi opatsa mpata ntchito imeneyi, ndichifukwa chake simungabayitse Penta 2 patangotha sabata.

China chimene chimandisangalatsa ine ndikamaphunzitsa ndi cha PCV ndi Hib. Tizilombo timeneti timavala chikhungu cha shuga kunja kwake, ndipo mwana wosakwana zaka 2 thupi lake silitha kuchizindikira bwino chikhungu chimenecho, nchifukwa chake chibayo chimavuta kwambiri ana aang'ono. Akatswiri anachita kumangirira shugayo ku puloteni imene thupi la khanda limaiona msanga, likamagwira puloteniyo limaphunzira ndi shuga yemwe. Ndiye kufooka kumene agogo athu amakuona anakuganizira kale popanga.

Komanso taganizani zimene mwana amakumana nazo tsiku lobadwa lomwe. Mmimba amakhala motetezeka, akangotuluka pakhungu, mkamwa, mmatumbo mumalowa mabakiteriya mamiliyoni osawerengeka, ochokera kwa mayi, pa bere, pa chitenje, mmanja mwa aliyense wobwera kudzaona mwana. Thupi lake limathana nazo zonsezo tsiku ndi tsiku ife osadziwa. Nanga akayamba kukwawa nkumadya dothi pakhonde

Amake Mapasa: Anga ndinawapeza akunyambita nkhwaira ya bambo awo wina uku wina uku

Amake Tadala: Mtima wayamba kukhala mmalo. Nde kuti asavutike ndimumwetse Panado tisananyamuke? Mnzanga uja akuti amatero

Anesi Naphiri: Ayi musamumwetse asanabayidwe. Anayesapo ku Czech Republic, ana omwe anapatsidwa paracetamol nthawi ya katemera thupi lisanatenthe nkomwe, kutentha kunachepadi koma chitetezo chinatuluka chotsikirapo poyerekeza ndi anzawo. Mudikire, thupi likatentha ndipo akuvutika mupatse wa madzi wa ana pa mlingo umene akuuzeni kusikelo malinga ndi makilo ake, mufunse musanachoke. Osadula piritsi la akuluakulu mongoyerekeza, ndipo aspirin ayi ndithu kwa mwana. Chimene chimathandiza kwambiri ndi bere. Pomubaya mumuike kubere akuyamwa, mumufungatire bwino mwendo uli poyera, amalira pang'ono nkubwerera kuyamwa. Kunyumba muziyamwitsa pafupipafupi, osamufunditsa mabulangete atatu thupi likatentha, potupa paja ikani kansalu koyera konyowetsa mmadzi ozizira, osatikita osathowa ndi madzi otentha osapaka chilichonse. Kachotupa kolimba kamatha kukhala masabata angapo kamaphwa kokha.

Koma izi zikachitika musadikire kuche, thamangani kuchipatala. Kukomoka kapena kugwedezeka manja ndi miyendo, kukana bere, kulefuka osadzuka bwino, kupuma movutika, kutupa nkhope, kulira mosatonthozeka kopitirira maola atatu, thupi kutentha kwambiri kapena kupitirira masiku awiri, pobaya kutuluka mafinya. Khanda la msinkhu umenewu tisamangoti ndi katemera, mwina ndi malungo kapena nthenda ina yangokumana ndi tsikulo. Mukamaliza kubayitsa khalani kaye pabenchi mphindi 15 musanakwere kabaza

Esinati wa pa Boda: Mwati mafinya, wanga paphewa pomwe anabaya atabadwa patuluka kachilonda patatha mwezi, ndiye koopsa?

Bambo Mbewe Azaumoyo: Ameneyo ndi BCG wa TB mayi, amatero ndithu. Pamatuluka kachotupa, nkuphulika, nkuuma kusiya chipsera chija tonse tili nacho. Osafinya osaikapo mankhwala. Mafinya amene anesi akunena ndi a pantchafu. Koma mukaona mwanabere wa kukhwapa watupa kwambiri bwerani naye timuone

Abambo ake Yamikani: Nanga za poliyo zija munkayenda khomo ndi khomo kupaka inki pachala, Yamikani analandira kangapo pomwe mbuku anali atamaliza kale. Pamenepo sizinapyole muyezo?

Bambo Mbewe Azaumoyo: Sizipyola bambo. Kampeni ija inabwera chifukwa mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wa zaka 3 ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, koyamba kuchokera 1992, ndipo kachilomboko kanafanana ndi ka ku Pakistan. Madontho a poliyo sagwira ulendo uliwonse, mwana akakhala akutsegula mmimba kapena mmatumbo muli tizilombo tina amatha kungodutsa, nde timabwereza kuti amene sanagwire poyamba agwire. Amene anagwira kale thupi lake limangokazindikira nkukachotsa, palibe chimaunjikana mthupi

Amake Mapasa: Ine dandaulo langa ndi lina. Kwinakwake ndinapita ndi ana pa miyezi 9 anandibweza akuti wa chikuku si lero, ndalipira kabaza ana awiri wina kumsana wina kutsogolo. Zimenezi zimagwetsa ulesi a zaumoyo

Bambo Mbewe Azaumoyo: Pepani mayi, kubweza mayi amene wayenda mtunda sizoyenera ndipo anayenera kukuuzani tsiku lenileni pa ulendo wam'mbuyo. Chimene chimachititsa malo ena kuika tsiku nchoti wa chikuku ndi BCG amabwera a ufa mu botolo la ana angapo, tikasungunula amayenera kutha pa maola 6 otsala timataya. Koma chifukwa chimenecho chisamagwere pa inu. Muzionetsetsa kuti tsiku lobwerera lalembedwa mbuku musanatuluke, ndipo tengani nambala ya wazaumoyo wa dera lanu

Nabanda wa ku Mkanda: Nanga wa chikukuyu bwanji amadikira mpaka miyezi 9 pomwe enawa mukuti tithamangire

Anesi Naphiri: Chifukwa cha chitetezo chobwereka chija asisi. Wa chikuku ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, mukabaya msanga chitetezo cha mayi chimene chikadali mwa mwana chimakapha thupi la mwana lisanaphunzire kanthu. Pa miyezi 9 cha mayi chimakhala chatsika, koma ena sagwirabe nde pali wachiwiri pa miyezi 15, ameneyu amayi ambiri amaiwala. Tsiku la miyezi 9 lomwelo pano akubayanso wa tayifodi, anayamba 2023. Ndipo ife a Mchinji tisaiwale wa malungo, boma lathu linali mwa maboma 11 oyambirira mu 2019, amabaya pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO litaunika ku Malawi, Ghana ndi Kenya linapeza kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 aliwonse. Koma neti osasiya, katemerayu satseka malungo onse

Gogo Nazulu: Amake Tadala Lachinayilo muwatenge apongozi anu mupite nawo, akamunyamule okha mdzukulu akamve okha kwa anesi. Munthu wamkulu sakonda kuuzidwa ndi mpongozi kuti walakwa, koma akamva yekha amadzakhala ndi amene akukumbutsani tsiku

Amake Tadala: Zikomo agogo nditero, ndiyamba ndauza bambo ake awayankhule madzulo ano

Nabanda wa ku Mkanda: Bambo Mbewe funso lomaliza. Mlamu wanga anapita kukagwira ntchito ya fodya ku esiteti ku Kasungu mwana atangolandira za masabata 10, wabwera sabata yatha mwana ali ndi miyezi 8 sanabayitsenso chilichonse. Akuopa kupita akuti akamukalipira komanso akuti ayambiranso pa 1. Komanso mwanayo ali ndi kachimfine

Bambo Mbewe Azaumoyo: Sayambiranso ayi. Asilikali osunga chikumbukiro aja akadalipo, timangopitiriza pomwe analekera, alandira Penta 3, PCV 3, madontho a poliyo ndi wobaya uja, wa malungo timuyambitsa, kenako mwezi wamawa wa chikuku ndi tayifodi. Chimfine, kachifuwa kapena kutsegula mmimba pang'ono sikuletsa katemera, timaimitsa pokhapokha mwana akadwalika kwambiri. Angobwera ndi buku, likakhala linasowa abwerebe tikayang'ana mu rejista. Mwana wonyentchera ndi wobadwa kwa mayi amene ali pa ma ARV nawonso asatsale, amenewo nde ofunika kwambiri, angotiuza kuti tione bwino ndondomeko yake

Nabanda wa ku Mkanda: Buku lilipo ndaliona, lanyowa pang'ono koma zolemba zikuoneka. Kwathu sikelo ya kumudzi ndi Lachiwiri pansi pa mtengo wa mango pa sukulu, ndimuperekeza ndekha asachite manyazi